Makumba a pa Chiliza cha Amayi

Apolisi anadzatenga bambo ake a Brenda Lachitatu masana, ine ndikuchapa matewera kuseri kwa nyumba. Nditamva njinga yamoto ikuima pabwalo, ndinataya sopo n'kuthamanga. Ndine munthu wotero. Ngakhale nkhuku ikalira modabwitsa, ndimathamangira kukaona ngati mwana akupuma.

Ndinapeza mwamuna wanga Makisoni ataima ngati mwana wasukulu wochedwa, ndipo Sajeni Meshack wa ku polisi ya kwathu atagwira chigoba chimene ndimakokotera mphika wa phala.

"Mayi, ichi munachitenga kuti?"

"N'chakale chimenecho, bwana. Nkhono yake inafa yokha chaka chatha."

Anachitembenuza. Pamsana pake panali kadontho kofiira ka kyutekisi.

"Nkhono zonse za m'dziwe zasowa m'mawa wa lero. Mlonda wake ndi amuna anuwa. Chigoba chili m'khitchini mwanu. Inu mukanakhala ine mukanatani?" Anatembenukira kwa Makisoni. "Bambo, m'mawa munali kuti?"

"Ndinachokapo pang'ono."

"Kupita kuti?"

Makisoni anayang'ana zala za kumapazi kwake. Sajeni anamukweza panjinga, fumbi n'kuwatseka.

Nkhono zimenezi si zokwawa m'munda zija ayi. Izi n'zazigoba ziwiri zotsekana, zokhala m'matope a pansi pa madzi. Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi pa njinga, zinafa zambirimbiri kumathiriro a mtsinje wa Likangala. Zotsalazo tinazitola m'mabeseni, ife amayi a m'mudzi pamodzi ndi a Alice a ku kabungwe kena ka ku Zomba, n'kukaziika m'dziwe la mumtsinje lomwe siliphwa. Iliyonse tinaidontheza kyutekisi kuti izidziwika. Dziwelo tinalitchinga ndi mpanda wa bango, a Alice n'kuikamo makumba ndi matemba, akuti nkhono sizingaswane popanda nsomba. Mudzi wonse unagwirizana kuti m'menemo musalowe ukonde. Makisoni ndiye anapatsidwa ulonda.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti kwathu kuno nkhono zimenezi sitidya. Nanga munthu angazibe kuti akazitani?

*

Kwathu n'kuchikamwini. Makisoni ndi wa ku Chisi, anachita kudzamanga pa malo a amayi anga malemu. Mwini mbumba ndi amalume anga, a Samsoni, mkulu wa mpingo, ndipo munda wa mpunga umene timalima ndi iwo amene amaulamulira. Loweruka la sabata yomweyo tinali ndi mwambo wovundukula chiliza cha amayi. Abale ochokera ku Phalombe ndi kutsidya kwa malire anali atayamba kale kufika.

Ndinabereka Brenda n'kuthamangira kwa amalume. Ndinawapeza pakhonde atavala jekete lawo, Baibulo lili pamwendo.

"Ndamva, mwana wanga, ndamva," anatero mofatsa. "Tizipemphera. Mwambo ukangodutsa ndipita ndekha kwa a Sajeni."

"Loweruka n'kutali, amalume."

"Munthu safa ndi kugona pa simenti."

Kuseri kwa nyumba amayi a pamudzi anali atazungulira mabeseni a nsomba, ena akupala mamba, ena akukonza nsanja yowambira. Akazi a amalume, a Veronica, anandiona.

"Elenala, misozi sipala mamba. Tenga mpeni, khala apa. Waona makumba awa? Amalume ako anadzuka mbandakucha kukagula ku doko. Anthu akanene kwawo kuti pa chiliza cha mlongo wa a Samsoni anadya nsomba, chaka chimene nyanja yathawa!"

"Ena akudya therere, ife tikutaya mitu," anatero mayi wina, onse n'kuseka.

Ndinakhala pansi. Nsomba zake zinali zonenepa, zakuda bii pamsana. Nditatumbula yoyamba, ndinatsegula kumutu kuti ndichotse makha, muja nsomba imapumira. Pa makhawo panali timadontho toyera, tochuluka ngati wina wawazapo madeya. Ndinatenga yachiwiri. Chimodzimodzi. Yachitatu, ngakhale pa zipsepse.

"Amayi, nsombazi sizikudwala? Taonani."

A Veronica sanayang'ane n'komwe. "Iwe ndi mantha ako! Unabadwa ukunjenjemera. Moto upsereza zonsezo."

Koma ine ndinali kuganiza za Brenda, amene tsopano amanyambita msuzi uliwonse. Onse atatembenukira kunsanja, ndinatenga nsomba imodzi, n'kuipaka mchere, n'kuikulunga m'tsamba la nthochi. Ndinailowetsa m'chitenje.

*

M'mawa mwake ndinapita ku doko. Madzi anali kutali moti mabwato ambiri anangogona chammbali pa matope ong'aluka. A Mwanabibi, amene agula ndi kugulitsa nsomba pa doko limeneli chiyambire ndili wakhanda, anali pansi pa chisakasa chawo akuingitsa ntchentche pa lichero lopanda kanthu.

"Eee, mkazi wa mbava ya nkhono!" anakuwa. "Bwera kuno ndikuone. Munazidya ndi chiyani, tomato kapena nsinjiro?"

Anyamata a njinga anaseka. Ine ndinatembenuka kuti ndizipita. A Mwanabibi ataona, anandikoka dzanja n'kundikhazika pa chitini.

"Basi, basi, mwali, ndikucheza. Makisoni angabe chiyani, munthu woti akatola singano amayenda nayo nyumba ndi nyumba? Wabwera ndi chiyani m'tsambamo?"

Ndinamasula. "Ndimati mundionere ngati nsombayi ikudwala."

Anaigwira kumchira, kuinunkhiza, kutsegula kumutu. "Timadontho iti sindikutidziwa. Koma nsomba iyi si ya m'nyanja."

"Mwadziwa bwanji?"

"Iwe, madzi a Chilwa ndi phala. Nsomba ya m'menemo imayera ngati yadzola ufa. Iyi yakuda ngati kunsi kwa mphika. Yakulira m'madzi oyera, pamthunzi, ikudya bwino kuposa ine."

"Koma inagulidwa pano dzulo."

"Pano? Dzulo?" Anaomba m'manja. "Wallahi, dzulo Che Abudu, msodzi wathu, anagona m'madzi n'kubwera ndi timatemba tosadzaza chipewa chake. Makumba sitinawaone chiyambire mwezi uno. Akunama ndani?"

"Amalume sanabwere kuno mbandakucha?"

"A Samsoni? Aja a jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo? Akanabwera ndikanawafunsa za ukwati, mwina anditenge wachiwiri. Sanaponde kuno, mwali."

Anasiya kuseka. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso nsomba ija. Kenako anaikulunga okha m'tsamba muja n'kundibwezera.

*

Ku polisi ndinapeza Sajeni Meshack akupukuta nsapato ndi pepala.

"Mwabwera nthawi yabwino, mayi. Mawa m'mawa kubwera galimoto, amuna anu apita ku Zomba. A bungwe akwiya, akufuna nkhaniyi ikafike kukhoti."

"Akapita ku Zomba abwera liti?"

"Ndani akudziwa? Ena amadikira mlandu mpaka mvula kugwa, kukata, kugwanso. Munthu wosanena kumene anali, ine ndimuthandize bwanji?"

Anandilola kuyankhula naye pa kazenera ka zitsulo. Makisoni anali ndi maso ofiira. Anatulutsa chala kuti Brenda achigwire.

"Wadya mwanayu?"

"Wadya. Bambo ake a Brenda, ndiuzeni zoona. Munapita kuti?"

Makisoni amayankhula ngati mawu amachita kukatunga kuchitsime.

"Kwa Jali. Kukatenga simenti."

"Anakutumani ndani?"

"Amalume. Anandipeza kudziwe kukungoyera. Anati simenti yaperewera pa chiliza, nditenge njinga yawo ndikanyamule thumba limodzi. Ndinati nanga dziweli? Anati, 'Pita, ndikuyang'anira ndine.'"

"Ndiye bwanji simunawauze a Sajeni?"

"Amake Brenda, ine ndine mkamwini. Nditchule dzina la mwini mbumba ku polisi? Sabata ya chiliza cha amayi ako? Ndingadzamwenso madzi pamudzi paja?"

"Ndiye mukagone ku Zomba?"

"Mwina anachokapo pang'ono, akuba n'kulowa. Mkulu wa mpingo uja."

Sindinamutsutse. Koma pobwerera ndinakumbukira chinthu. Chiliza anamaliza kupaka sabata yatha. Ndipo pakhonde la amalume, pomwe ndinaima dzulo lake ndikupempha thandizo, panali matumba a simenti otsala, nkhuku itaikira mazira pamwamba pake.

*

A Alice ndinawapeza kudziwe atakwinya thalauza mpaka m'maondo, akufufuza m'matope ndi manja. Ndi mayi wa m'tauni, woyankhula mothamanga. Atandiona anawongoka.

"Elenala, sore, koma ine ndilibe chonena nanu. Zaka zonsezi! Mtundu umenewu kuno watsala muno mokha, mukudziwa inu. Ndapeza zitatu basi. Zitatu! Ndikalemba chiyani mu lipoti?"

"Ndingaone mpanda?"

Anangokweza mapewa. Ndinazungulira. Kuchipata, kumene Makisoni amakhala, kunalibe chachilendo. Koma mbali ya kuminda bango linali litadulidwa ndi chikwanje, kenako n'kubwezeretsedwa, kumangidwa bwinobwino ndi luzi latsopano. Wakuba wanji amene amakonza mpanda pochoka? Pagombe matope anali osalala, ngati pakokedwa chinthu chachikulu cholemera, ndipo m'mbali mwake munali timiyala tomangidwa ndi nsanza za buluu.

Timiyala timeneto ndimatidziwa. Ndi tomwe anthu amamangirira kunsi kwa masikito akamaisandutsa khoka, kuti izikwekwereza pansi.

"A Alice, nsomba zija zilimo?"

Anaima. Anayang'ana madzi. Anali atatanganidwa ndi nkhono moti za nsomba sanaziganize. Dziwe linali zii, popanda ngakhale kamodzi kovundula.

Ndinamasula tsamba lija. "Tandionereni timadontho iti."

Anatulutsa kagalasi kokulitsira zinthu kamene amavala m'khosi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandipatsa.

"Onani nokha."

Kadontho kalikonse kanali kachigoba. Kakang'ono kuposa njere ya mchenga, koma kachigoba ndithu, kambali ziwiri, kataluma mnofu wa nsomba.

"Ana a nkhono," anatero a Alice, mawu atatsika. "N'chifukwa chake tinaikamo nsomba. Mayi wake amawalavula m'madzi, iwo n'kukakamira pa makha, nsomba n'kumawabereka ngati mmene mwaberekera wanuyo, mpaka atakhwima n'kugwera m'matope. Nsomba yokhala ndi ana ochuluka chonchi simungaipeze kwina kulikonse. Ndi ya muno. Mwaitenga kuti?"

Pamenepo zonse zinalumikizana. Wakubayo sankafuna nkhono. Ankafuna ndiwo. Nkhono zinangokokedwa ndi masikito pamodzi ndi matope.

"Elenala, ndikufunsa. Mwaitenga kuti?"

"Ndipatseni mpaka madzulo. Kodi zikachoka m'madzi zimafa pompo?"

"Zikakhala m'thumba padzuwa, shuwa zafa kale. Zikakhala m'matope onyowa zimatha kupirira. Zimayendanso, zimasiya kamzere ngati wina wadutsitsa chala." Anandigwira mkono. "Mukubisa ndani?"

Ndinasolola mkono wanga n'kumapita.

*

Munthu amene wakonza mpanda atatha kuba sangataye nkhono padzuwa. Ndinayenda ndi maganizo amenewo. Nthawi ino ya chilimwe, malo onyowa amene amalume angafikeko popanda wowafunsa ndi amodzi okha: nazale yawo ya mpunga, kumapeto kwa munda, kumene kamfuleni kochokera mumtsinje kamathira madzi.

Kunalibe munthu. Onse anali kunyumba kuphika thobwa la mwambo. Pa chitsamba cha kuseri kwa kakhumbi kawo panali patayanikidwa masikito yabuluu, yochapidwa, koma ikununkhabe matope.

Ndinatsikira m'nazale. Mbande zinali zobiriwira, madzi ofika m'kakolo. Kungodya ya kumunsi, kumene mbande sizinamere, matope anali olembekalembeka timizere topindika, tina topita uku, tina uko.

Ndinamanga Brenda mwamphamvu, n'kugwada, n'kulowetsa dzanja pamene kamzere kamodzi kanathera. Ndinagwira chinthu cholimba, chozizira. Nditachitulutsa chinatseka zigoba zake mwamphamvu, n'kundilavulira timadzi. Ndinapukuta ndi chala. Kadontho kofiira kanali pomwepo, kokhala ndi kamchira. Madontho anga amadziwika, chifukwa dzanja langa limanjenjemera.

"Ukufuna chiyani m'munda mwanga, Elenala?"

Ndinatsala pang'ono kugwera m'madzi. Amalume anali ataima pa mzere wa dothi, manja kumbuyo.

Ndinadzuka, n'kuwaonetsa nkhono ija m'manja awiri, monga mmene timaperekera chinthu kwa akulu. Anaiyang'ana. Kenako anakhala pansi pa dothi pomwepo, ndi jekete lawo la ku tchalitchi.

"Sindinaphe ngakhale imodzi," anatero. "Uziwerenge. Ndinaziona zili m'masikito ndili kale kuno. Ndimati ndizibweza kukada, koma mayi wa bungwe uja anafika msanga."

"Nsomba mwapha, amalume. Ndi ana a nkhono omwe."

"Ndikanatani? Anthu achoka kutali. Amayi ako anandilera ine, anandibereka kumsana popita kukasaka mpunga wogwa. Ndiwadyetse alendo awo chisoso? Akanene kuti Samsoni walephera mlongo wake?"

"Makisoni apita ku Zomba mawa m'mawa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Loweruka lidutse. Lolemba ndikanena kuti nkhono zapezeka m'mfuleni, zinathawa zokha. Amutulutsa."

"A Sajeni akuti amene wapita ku Zomba sabwera msanga. Ndipo nsomba sizinathawe zokha."

"Mwana wanga, tamvera." Mawu awo anali ofewa ngati akupempherera wodwala. "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Lero ali pano, mawa wakwera bwato wabwerera ku Chisi. Ine ndine magazi ako. Ukadwala, amakunyamula ndani? Brenda akadzakula, adzamuimira ndani? Munda umene ukudyawo, unaupeza bwanji?"

Ndinkaopa amalume chiyambire ndili mwana. Ndinkaopa a Veronica, ndinkaopa pakamwa pa abale, ndinkaopa chaka chopanda mpunga. Koma ndinaona chala cha Makisoni chitatuluka pa zitsulo zija, munthu wokonzeka kukagona kundende kuti asachititse manyazi mbumba imene si yake.

"Amalume, tiyeni tipitire limodzi. Mukanene nokha. Ine ndinyamula beseni, inu muzitsogola."

"Ndi alendo ali pakhomo?"

"Galimoto siidikira alendo."

Anadzuka, n'kusasa dothi ku jekete. "Ukapita, usadzapondenso m'munda wa mlongo wanga."

Anatembenuka n'kumapita kumudzi. Sanacheuke.

M'kakhumbi munali beseni lothirira mbande. Ndinaikamo matope ndi madzi pang'ono, n'kuyamba kutsatira timizere tija, kamodzikamodzi. Brenda anagona kumsana. Beseni litadzaza ndinapinda masikito ija n'kuiika pamwamba, ndinasenza. Njira ya ku polisi imadutsa kuseri kwa nyumba ya amalume, pomwe panali nsanja yowambira. Amayi onse anasiya zimene ankachita.

"Elenala!" anaitana a Veronica. "Wasenza chiyani? Ukupita kuti?"

Madzi a matope ankanditsikira m'khosi. Ndinangopitirira, chifukwa ndikanatsegula pakamwa ndikanalira, ndipo ndikanalira beseni likanagwa.

*

Sajeni Meshack anamvetsera osandidula. Anatuma munthu kukaitana a Alice ndi a Mwanabibi. A Alice anagwada pakhonde la polisi n'kumatulutsa nkhono imodziimodzi, akuigogoda ndi chikhadabo kuti aone ngati itseka. Zambiri zinatseka. Anazitengera kudziwe dzuwa lisanalowe.

Makisoni anatuluka tsiku lomwelo. Galimoto ya Lachisanu inanyamula amalume, pamodzi ndi madengu a makumba owamba ngati umboni.

Loweruka mwambo unachitika. Abusa analalikira mwachidule. Nsalu yoyera anaivundukula ndi msuweni wa amayi wa ku Phalombe, chifukwa mwini mbumba kunalibe. Dzina la amayi linalembedwa bwino, simenti yake yosalala. Ndinayala mkeka wanga pansi pa mtengo wa mango, ndipo mpaka mwambo kutha palibe wachibale amene anadzakhalapo. Munda wathu wa mpunga uja a Veronica anali atauza kale mlamu wawo kuti ayambe kugaula.

Ndiwo zinali nandolo.

Anthu akubalalika, Makisoni anabwera n'kunyamula Brenda. Anayang'ana chiliza, n'kuyang'ana ine.

"Tikwere bwato, amake Brenda? Ku Chisi amayi ali ndi kamunda."

"Nanga dziwe?"

Anaganiza kaye, monga mwa nthawi zonse.

"A Alice akuti abweretsa makumba ena mwezi wamawa. Akuti nkhono zikadali ndi ana m'mimba."

"Ndiye tikhala," ndinatero.

Ndinapinda mkeka. Tinadutsa pakati pa abale anga, iwo akuyang'ana kumbali, ife n'kulowera njira ya kumtsinje. Mpanda wa mbali ya kuminda unkafunika bango latsopano.